Tsiku Limene Mayi Nkhwangwa Anatulutsa Desiki

Bambo uja anati akupita kuchimbudzi. Anasiya madzi ake pa desiki osamwako, n'kutuluka mwaulemu, chitseko n'kutseka pang'onopang'ono. Mayi Nkhwangwa anadikira. Anawongola faelo, anasuntha cholembera, anayang'ana wotchi. Atasuzumira pawindo anamuona munthuyo ali kale kutsidya kwa msewu, akuyenda ndawala, osacheuka.

Sanali woyamba kuthawa.

Mayi ameneyu anali atasiya ntchito yapamwamba pa kampani ina yaikulu kuti akhale kochi wa za moyo. Musaganize za mpira ayi. Kochi wa mtundu uwu amakhala pansi ndi munthu amene waima pamphambano osadziwa kolowera, kaya ndi nkhani ya ntchito, ya sukulu kapena ya maloto amene anawakwirira kalekale, n'kumuthandiza kupeza njira ndi kuyenda nayo. Maphunziro ake anachita, satifiketi n'kupachika pakhoma. Anachita lendi kachipinda pamwamba pa sitolo yogulitsa penti. Anthu ankabwera ndithu, koma kamodzi kokha. Wobweranso kachiwiri panalibe.

Ali chiimire pawindopo, foni inalira. Anali bwana wake wakale.

"Masewera aja atha?" anafunsa bwanayo. "Chaka chamawa tikuchepetsanso antchito, ndipo palibe amene amaigwira ntchitoyi ngati inu. Mpando wanu ndiusunga mpaka chaka chino chithe. Chikatha ndiikapo wina."

Mayiyo anafuna kukana, koma pakamwa panatuluka zina. "Ndiganize kaye, bwana."

Atadula foni anagoneka mutu pa desiki n'kulira. Ankaopa chinthu chimodzi chokha, kubwerera ku ofesi ija, ndipo tsiku limenelo anaona kuti akubwererako basi.

Mundimvetse bwino apa. Dzina loti Nkhwangwa sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi antchito a pakampanipo, chifukwa iye ndiye anali mkulu woona za antchito. Akuluakulu akagwirizana zochepetsa anthu, wokawauza anali iyeyo. Ukamva kuti akukufuna ku ofesi yake, unkayamba watsanzika anzako. Akamadutsa m'khonde, anthu akuluakulu a ndevu zawo ankapezeka ali kalikiliki kumanga zingwe za nsapato.

Ndipo ntchitoyo ankaidziwa, inu. Anamuphunzitsa kuti pakati pa iye ndi munthu pazikhala desiki. Faelo izikhala yotseka, manja ali pamwamba pake. Madzi ndi tishu azikhala atakonzeratu. Mawu azikhala ochepa, ndipo mawu oti pepani asatuluke, chifukwa kampani silakwa. Akamaliza aziyamba ndi iye kuimirira, kuti winayo adziwe kuti nkhani yatha. Anachita zimenezi zaka zambiri mpaka thupi lake linkazichita lokha.

Koma nkhwangwa nayo imabuntha. Mutu unkamuwawa tsiku ndi tsiku, magazi anayamba kuthamanga, chakudya sichinkakoma. Akaweruka ankafika pageti la kunyumba n'kukhala m'galimoto duu, osatsika. Akalowa m'nyumba ana ankatsitsa wailesi n'kuzemba mmodzimmodzi. Pa ntchito yonseyo ankakondapo kanthu kamodzi: nthawi zina munthu wochotsedwa ankafunsa kuti, "Nanga ndikatani?" ndipo mtima wake unkafuna kukhala naye pansi mpaka yankho lipezeke. Malamulo sankalola. Pakhomo pankakhala pataima kale wina.

Ndiye anasiya.

Achibale sanamusiye. Ena ankati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, iwe ukuthamangira wa pachala?" Ena ankangoseka: "Ati ndi kochi tsopano. Timu yake iti?" Mwamuna wake, mphunzitsi wa kusekondale, munthu wa mawu ochepa, anangoti, "Yesani." Basi, liwu limodzi lomwelo.

Galimoto inagulitsidwa. Bamboyo anayamba kukwera basi, ndipo Loweruka ankapita kukaphunzitsa ana a eni ake kuti pakhomo pasagone njala. Sanadandaulepo. Koma chete wakeyo ankamulasa mkazi wake kuposa mawu. Mumtima mayiyo ankati, munthuyu watopa nane, akungodikira tsiku loti ndivomere kuti ndalephera.

Patangopita masiku ochepa chiimbireni foni bwana uja, kuofesi kunabwera mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake. Ameneyu ndi dokotala wa mano, ndipo pakamwa pake palibe geti. Anayang'ana khoma, anayang'ana satifiketi, n'kufunsa kuti anthu ali kuti.

"Amabwera kamodzi, alamu, kenako zii. Sindikudziwa chimene ndikulakwa."

"Tandichitani ineyo zimene mumawachitazo," anatero dokotalayo. "Vuto ndili nalo lenileni. Ndikufuna kutsegula chipatala changachanga, koma ndikuopa. Ndituluke, ndigogode, mundilandire ngati simundidziwa."

Anatuluka n'kugogoda.

"Lowani. Tsekani chitseko. Khalani apo," anatero Mayi Nkhwangwa. Anakhala kuseri kwa desiki, msana chilili, manja pamwamba pa faelo. Anakankhira madzi kutsogolo, kenako tishu. "Zikomo pobwera. Sinditaya nthawi yanu."

Dokotala uja anakumbatira chikwama chake pachifuwa. Anayang'ana tishu, anayang'ana faelo, n'kufunsa ndi mawu otsika: "Alamu, ndalakwa chiyani? Mukundichotsa ntchito?"

"Musachite nthabwala, alamu."

"Nthabwala zake ziti? Mtima ukugunda apa. Tishu mwandipatsa ndisanalire, ndiye kuti mukudziwa kale kuti mundiliza. M'faelomo muli chiyani chokhudza ine? Ine ndimazula anthu mano, magazi n'kutuluka, koma amabweranso. Inu simuzula kanthu, koma mwandiopsa kuposa mpando wanga uja."

Mayi Nkhwangwa anapsa mtima. Ndani amakondwa kuuzidwa zoona ndi mlamu wake? Anayamba kufotokoza za maphunziro ake, za mabuku amene anawerenga, ndipo ali mkati mofotokoza anaimirira. Mlamu wakeyo naye anaimirira, chikwama paphewa, n'kulunjika kuchitseko.

"Mukupita kuti?"

"Si mwaimirira? Ndimayesa nkhani yatha."

Mayiyo anayang'ana mlamu wake, anayang'ana desiki. Kenako anazungulira desiki n'kukakhala pampando wa alendo, kumene anali asanakhalepo chiyambire. Mpandowo unali wamfupi. Desiki inkaoneka ngati khoma, faelo ili pamwamba, chitseko chili kumbuyo chotseka. Anaona chipinda chomwe chija anachithawa. Anali atachinyamula chonse n'kudzachimanganso pamwamba pa sitolo ya penti, osadziwa.

Chodabwitsa n'chakuti sanalire. Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kugwa. Miyezi yonseyo ankaganiza kuti iyeyo ndiye wosayenera ntchitoyi, kuti anthu amamuona kuti ndi woipa mtima. Kani vuto linali looneka ndi maso, loti munthu angathe kuligwira n'kulisuntha. Wakutsina khutu ndi mnansi, abale.

"Gwirani uko, alamu," anatero.

Desikiyo inali yolemera ngati ng'ombe. Azimayi awiri ovala nsapato za gogoda analimbana nayo pamasitepe, inakanirira pokhota, dokotala akukuwa kuti zala zake ndi zodula, amadyera zomwezo. Mwini sitolo ya penti anatuluka kudzaona phokoso, ndipo anapatsidwa desiki yaulere asanafunse n'komwe. Azimayiwo atakweranso m'mwamba anakhala pansi penipeni, thukuta kamukamu, n'kuseka mpaka nthiti kuwawa.

Tsono musaganize kuti zinthu zinasintha tsiku lomwelo. Desiki imatuluka masana amodzi, chizolowezi sichitero. M'chipindamo munatsala mipando iwiri yofanana ndi katebulo kakang'ono pambali, koma manja ake ankafunafunabe faelo. Chimene chinkamuvuta kwambiri chinali kukhala chete. Kukampani kuja anamuphunzitsa kuti ukasiya mpata munthu amayamba kuchonderera, choncho mpata uliwonse ankautseka ndi mawu. Munthu asanamalize kunena vuto lake, iye anali atapereka kale yankho, ndondomeko yake ndi tsiku lomalizira.

Anayamba kudziphunzitsa. Ankayeserera pa mlamu wake, pa mwana wake wamkulu, ngakhale pa mpando wopanda munthu. Ankafunsa funso limodzi kenako n'kukhalira manja ake, lilime ataliluma. Mlamu wake ankamuuza kuti akapitiriza kuluma choncho adzakumana kuchipatala.

Kenako anachita chinthu chimene chinamutengera mtima wonse. Anaimbira foni anthu onse amene anathawa aja, mmodzimmodzi. Kwa aliyense ananena mawu amene zaka zonse zija ankaletsedwa kunena: "Pepani, sindinakulandireni bwino. Mungabwerenso?" Ambiri anakana mwaulemu. Wina anati anasamuka, chonsecho phokoso la msewu womwewo linkamveka pafoni. Wina sanayankhe n'komwe. Amene anavomera anali mmodzi yekha, bambo wa kuchimbudzi uja.

Anali kalaliki wa kubanki, munthu wofatsa, wa tayi yothina. Atalowa anaima pakhomo n'kumwazamwaza maso.

"Desiki ija ili kuti?"

"Inapita. Khalani pamene mukufuna."

Anasankha mpando wa pafupi ndi chitseko. Anafotokoza kuti pali mayeso a ntchito amene akhala akumukanika, ndipo anzake onse amene anayamba nawo anamupitirira. Mayi Nkhwangwa anamva yankho likukwera kukhosi: mukonze nthawi yowerengera, mupeze gulu, muchepetse zocheza. Analimeza. Anangofunsa kuti, "Tsiku la mayeso limakhala lotani kwa inu?"

Bamboyo anaweramitsa mutu. Anayang'ana nsapato zake. Pansi pankamveka makina osakaniza penti, panja magalimoto ankadutsa. Mayiyo anakhalira manja ake mpaka anachita dzanzi. Thupi lonse linkamuuza kuti lankhula, imirira, tseka nkhaniyi. Anakhalabe.

"Mayi," anatero bamboyo pomaliza, "ine sindinalepherepo mayeso amenewa. Sindilowa n'komwe. Ndimafika pakhomo pa holo, miyendo n'kukana. Ndimakakhala pamalo okwerera basi mpaka anzanga atuluke, kenako ndimakauza akazi anga kuti anali ovuta. Sindinauzepo munthu."

Mwaona? Akanamupatsa ndondomeko yowerengera, akanapatsa mankhwala a mutu munthu wothyoka mwendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku limenelo Mayi Nkhwangwa sanayambe kuimirira. Bamboyo ndiye anayang'ana wotchi yake, n'kudzidzimuka, n'kunyamuka. Ali pakhomo anatembenuka.

"Sabata yamawa nthawi yomweyi pali malo?"

Malo analipo, inu. Sabata yonse inali malo okhaokha. Koma mayiyo anayankha modekha kuti alipo, ndipo chitseko chitatsekeka anavina yekhayekha pakati pa mipando iwiri ija.

Anayenda naye bamboyo pang'onopang'ono. Kalalikiyo anayamba wauza mkazi wake zoona. Kenako ankapita kuholo kuja masiku opanda mayeso, kukangoima pakhomo, tsiku lina kulowa, tsiku lina kukhala pampando. Mayeso atafika analowa n'kukhala mpaka kumapeto. Zotsatira zinali zisanatuluke pamene anabweretsa mnzake wa kuntchito, n'kumuuza pamasitepe kuti, "Usaope, amangomvetsera."

Mnzakeyo anabweretsa mchemwali wake. Kunabwera mayi wina wofuna kubwerera kusukulu ana atakula, kunabwera injiniya wotopa ndi ntchito yake. Sanali ambiri, ndipo si onse ankakhalitsa. Tsiku lina nkhwangwa yakale inadzuka: mtsikana wina sanachite zimene anagwirizana, ndipo mayiyo anamudzudzula ngati akumupatsa chenjezo lomaliza. Mtsikanayo anatuluka nkhope ili gwaa. M'mawa mwake mayiyo anamuimbira n'kupepesa, ndipo anabweranso. Kugwa ankagwa ndithu, koma tsopano ankadziwa podzukira.

Chaka chili pafupi kutha, bwana uja anabwera yekha. Anakwera masitepe akupuma wefuwefu, suti yake akuiteteza ku makoma, n'kuima pakati pa chipinda kusowa poika foni ndi makiyi.

"Ofesi yake ndi imeneyi?" anafunsa. "Mverani, mayi. Bwererani. Galimoto yatsopano, ofesi yaikulu kuposa ija, malipiro tikweza. Mwayesa, mwaona, palibe angakusekeni."

Ndisakunamizeni kuti mtima wake sunagwedezeke. Anaganiza za nsapato za mwamuna wake zimene zinatha chidendene ndi kuthamangira basi. Anaganiza za Loweruka lililonse limene bamboyo ankadzuka m'mamawa anzake akupuma. Ntchito yake yatsopanoyi inali itayamba kuima, koma inali ngati mwana wongophunzira kuyenda. Anakhala chete, monga anali ataphunzirira, koma ulendo uno ankadzimvetsera yekha.

"Zikomo, bwana, pondikumbukira," anatero. "Sindibwerera. Mpandowo apatseni ena."

"Mudzanong'oneza bondo."

"Mwina. Koma masiku ano ndikumagona tulo."

Bwanayo anapukusa mutu n'kutsika. Mayiyo anatseka chitseko n'kukhala pansi. Katundu mmodzi anali atatula, koma wina anali akumudikira kunyumba. Akamuuza bwanji munthu amene wavutika chaka chonse osadandaula kuti galimoto inabwera pakhomo iye n'kuibweza?

Anafika dzuwa likupendeka. Mwamuna wake anali pakhonde, mulu wa makope a ana asukulu pamiyendo, cholembera chofiira m'manja. Mayiyo sanalowe m'nyumba. Anakhala pa sitepe, chikwama chili m'manja.

"Abambo, bwana anabwera. Amafuna ndibwerere, ndi galimoto yomwe. Ndakana. Pepani, ndinayenera kukufunsani kaye."

Bamboyo anaika cholembera pansi. Anavula magalasi, anatseka maso, n'kutulutsa mpweya wautali ngati munthu amene watula thumba la simenti.

"Mwakana ndithu? Sadzabweranso?"

"Ndakana."

"Zikomo," anatero. "Chaka chonsechi ndakhala ndi mantha. Foni yanu ikalira ndinkati basi, amutenga."

Mayiyo anamuyang'ana osakhulupirira. "Inu? Nanga bwanji munali chete? Ine ndimayesa mwatopa nane."

"Ndinkaopa kuti ndikalankhula mudzati ndinakusankhirani ndine. Basi ndikwera, amayi, sindinabadwire m'galimoto. Koma mkazi uja ankakhala pageti osatsika, ana n'kumathawira kuchipinda, ameneyo asadzabwerenso pakhomo pano. Amene wakhala pa sitepeyu ndi amene ndinakwatira."

Mayi Nkhwangwa analira, koma misozi yake inali ina. Mtima umene unakhala m'mwamba chaka chathunthu unatsika n'kukhala m'malo. Bamboyo anamusiya alire, kenako anavalanso magalasi n'kutola cholembera.

"Komanso," anatero, "kale mukandiitana kuti tikambirane, ndinkayamba ndaganiza kumene ndikagone."

Anaseka onse awiri mpaka ana anatuluka kudzaona chimene chachitika.

Lero mayiyu sanalemere, ndipo sindikuuzani kuti ali ndi nyumba zosanja. Koma amadzuka m'mawa mtima uli mbee, anthu amakwera masitepe aja mwa kufuna kwawo, ndipo amabweranso. Madzulo akafika pakhomo amalowa m'nyumba nthawi yomweyo.

Tsono inu amene munasiya chinthu chimene chinkakudyani moyo, n'kuyamba china chimene sichikuyenda, ndimvereni. Kusayenda kwa zinthu lero si umboni woti munasochera. Pezani munthu wosakuopani akuuzeni pamene mukulakwitsa, mupse mtima ngati mukufuna, koma mukonze. Musaweruze okondedwa anu ndi chete wawo, afunseni. Mwina amene mukumuyesa wotopa nanu ndi amene akukupemphererani kuti musabwerere m'mbuyo. Mawa mudzuke, mukatsegulenso chitseko. Zina zonse zikhoza kutayika n'kupezekanso, koma mtima wokhawo musautaye.